Mbalame ya pa sheleni

Aliyense womasulira pakati pa Chishona ndi Chichewa amakumana ndi mawu amodzi otchera msampha. Mshona akati ndarama amatanthauza golide. Ife tikati ndalama timanena chilichonse chogulira zinthu, kaya ndi pepala lothetheka la m'manja mwa kondakitala, kaya ndi manambala a mufoni. Mawu awiriwa ndi a mimba imodzi, ndipo mayi wawo si Mshona, si Mchewa. Anabwera ndi amalonda a m'mbali mwa nyanja yamchere ya kum'mawa, kumene dirham inali ndalama yasiliva ya Aluya, zikachuluka n'kumatchedwa darahim. Atafika kumtunda kuno anagawikana. Kumwera kwa Zambezi, kumene anthu ankakumba golide ndi kumusefa m'mitsinje, anasanduka dzina la golideyo. Kumpoto anasanduka dzina la chimene munthu amalandira akagulitsa kanthu kapena akagwira ntchito. Ine ndinabadwira kumwera m'banja lochokera kumpoto, pakomboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, choncho matanthauzo onse awiri ndinakula nawo m'kamwa.

Maiko ambiri akafuna kudzitsimikizira kuti ndi akale amapita kumanda a mafumu a makedzana kukatenga nkhope yoika pa ndalama. Ku Poland pepala la 10 złoty lili ndi Mieszko I, la 20 lili ndi mwana wake Bolesław. Ku Ukraine hryvnia imodzi ili ndi Volodymyr, hryvnia ziwiri zili ndi Yaroslav, mafumu a ku Kyiv a zaka chikwi zapitazo, ndipo chiboliboli cha Yaroslav yemweyo chinaikidwanso pa pepala la 1000 ruble la ku Russia. Maiko awiri akulimbirana gogo mmodzi, ndipo kumene mkanganowo wafika tonse tikukudziwa. Nkhope ya mfumu pa ndalama imalengeza kuti dziko ili lili ndi kholo, ndipo potchula khololo imanong'onezanso za amene si adzukulu ake.

Pa ndalama zimene anthu a ku Zimbabwe akhala akugulira zinthu sipanaonekepo nkhope ya Nyatsimba Mutota kapena ya mwana wake Matope, amene mbiri ya pakamwa imati anayambitsa ufumu wa Munhumutapa cha m'zaka za m'ma 1400. Palibe anajambula nkhope zawo, ndipo iwo eni sankasula ndalama. M'malo mwa nkhope dziko linatenga mbalame yosemedwa pamwala ndi mipanda ya miyala ya ku Great Zimbabwe. Ntchito yake ndi yomweyo ya Mieszko ndi Yaroslav. Chimene ndikufuna kulondola ndi njira ya mbalameyi m'mafamu a ku Mashonaland, kumene kwa zaka pafupifupi zana inkagwera m'zikhato za anthu oyankhula chiyankhulo chathu.

Mbalameyi sinayambe kuoneka pa ndalama ndi ufulu wa 1980. Inayamba mu 1932, pamene Southern Rhodesia inatulutsa ndalama zakezake zoyamba zachitsulo. Kumaso kunali George V atavala chisoti chaufumu. Kuseri kwa tiki kunali nsonga zitatu za mikondo, kwa sikisipensi nkhwangwa ziwiri zopingasana, kwa masheleni awiri mphalapala, ndipo kuseri kwa sheleni kunali mbalame ya ku Great Zimbabwe.

Mbalame zoterezi zinapezeka zisanu ndi zitatu, zosemedwa pamwala wofewa. Mu 1889 mlenje wina, Willi Posselt, anadula imodzi pachipilala chake n'kukaigulitsa kwa Cecil Rhodes, ndipo inakhala zaka zoposa zana m'nyumba ya Rhodes ya Groote Schuur ku Cape Town. Mu 1891 Theodore Bent anatenga zina, nalemba kuti omanga mipandayo anali anthu ochokera kutsidya kwa nyanja. Mu 1905 David Randall-MacIver, kenako mu 1929 Gertrude Caton-Thompson, atakumba mosamala ananena poyera kuti mzindawo unamangidwa ndi anthu akuda a konkuno. Patangopita zaka zitatu chinenere Caton-Thompson mbalameyo inakwera pa sheleni, atsamunda ambiri akugwedezabe mutu. Iwo ankaikonda ngati umboni wakuti kalekale kunabwera alendo anzeru kudzakumba golide, ndipo azungu a ku Salisbury anali olowa m'malo mwa alendowo. Mpaka mu 1970 boma la Ian Smith silinkalola kuti timabuku ta alendo oona malo tinene mosabisa kuti omanga anali Aafirika, ndipo Peter Garlake, amene ankayang'anira malo akale m'malo mwa boma, anasiya ntchito n'kuchoka m'dzikomo chifukwa cha zimenezi. Choncho sheleni ya 1932 inali ndi mfumu ziwiri: ya ku London kumaso, ndi ya makedzana kuseri, imene anaibera dzina ndi khungu lomwe.

Tsono sheleniyo inkalandiridwa ndi ndani? Lamulo logawa malo la 1930 linali litapatsa azungu pafupifupi theka la dziko, makamaka nthaka yabwino ya kumtunda: Mazowe, Bindura, Shamva, Banket, Trelawney, Marondera. Ashona ambiri, malinga akadali ndi kamunda ndi ng'ombe zingapo kumalo kumene anawakankhira, ankaipewa ntchito ya pafamu chifukwa malipiro ake anali otsikitsitsa. Alimi a fodya anayang'ana kumpoto. Ku Nyasaland msonkho wa nyumba unkafuna masheleni, ndipo masheleni kumudzi kunalibe. Thangata la m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje linkawawa kuposa ulendo. Anthu anayamba kuyenda wapansi kudzera ku Dedza, Tete ndi Mutoko, ena kuwolokera ku Feira ndi Zumbo, milungu ingapo panjira ya njala ndi zilombo. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000, oposa mmodzi mwa anayi alionse, anali kunja kwa dziko. Boma la ku Salisbury linaika malole onyamula anthu osalipiritsa, ndipo dzina la malolewo linali lathu lomwe: Ulere. Bungwe lolemba anthu ntchito limene kwathu ankalitcha Mthandizi linabwera pambuyo pake. M'zaka za m'ma 1950 oposa theka la antchito a m'mafamu a azungu anali obadwira kunja, ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia.

Agogo anga aamuna anachokera ku Mtakataka nkhondo yachiwiri itangotha, ndipo agogo aakazi anawatsatira. Ankati akupita ku Halale, koma tauniyo anangoidutsa. Mwezi wa pafamu sunali wa pakalendala. Unali tikiti ya masiku 30, ndipo tsiku linkachongedwa pokhapokha kapitao atavomereza kuti mgwazo, ndime ya tsikulo, watha. Mvula ikagwa, munthu akadwala, kapitao akakwiya, tsiku lapita, kotero tikiti imodzi inkatha kudya milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Ikadzaza, munthu ankaima pamzere pakhonde la ofesi kulandira masheleni ake, atachotsapo kale ngongole ya kusitolo ya pafamu pomwepo. Phoso linali ufa, nyemba ndi mchere. Agogo aakazi ankati masheleni otsala ankawakwirira m'chitini pansi pa mphasa, a ulendo wobwerera kwathu. Mbalameyo ankaitcha nkhwazi, ndipo sanaphonye patali: akatswiri ena amati ndi hungwe, imene ndi nkhwazi yomweyo m'Chishona, pamene ena amati ndi chapungu. Kwa iwo inali mbalame ya kunyanja kwawo, yolira m'mawa asodzi akamakoka makoka, ndipo za Great Zimbabwe palibe anawauzapo. Ulendo wobwererawo sunachitike. Ku Mtakataka anawerengedwa m'gulu la matchona.

Mu 1953 kunasulidwa ndalama yachikumbutso yeniyeni, ya masheleni asanu, yodzaza chikhato cha mwana, yokumbukira zaka 100 chibadwire Rhodes. Kumaso kunali Elizabeth II. Kuseri kunali nkhope ya Rhodes pamwamba pa zishango zitatu: cha Southern Rhodesia chokhala ndi piki, cha Northern Rhodesia chokhala ndi nkhwazi, ndi cha Nyasaland chokhala ndi kambuku. Chaka chomwecho chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, anthu akuda a ku Nyasaland akuchikana kwamtuwagalu. Rhodes sanali mfumu ya makedzana, koma dziko la atsamunda linalibe kholo lina, ndiye linamuveka iye ufumuwo. Chondivuta kumeza n'chakuti ndalama iyi, pamodzi ndi za chitaganya zimene zinatsatira kuyambira 1955, ndi zokhazo zimene zinavomereza kuti Nyasaland ili m'nkhani ya dziko limeneli. Zinavomereza pa chifukwa chonyansa, pakuti Nyasaland kwa iwo inali nkhokwe ya manja. Piki ya pachishango chija inkagwiridwa ndi anthu a dziko la kambuku. Ku mgodi wa Shamva mu 1927 ndi iwo amene anatsogolera antchito pafupifupi 3,500 kunyanyala ntchito.

Ufulu utabwera mu 1980 mbalame inachoka kuseri n'kukhala kumaso kwa ndalama iliyonse yachitsulo, pamalo pamene kale pankakhala mfumu ya ku London. Kuseri kwa masenti asanu kunali kalulu, kwa khumi mlambe, kwa 20 mlatho wa Birchenough, kwa 50 dzuwa likutuluka, ndipo kwa dola imodzi nsanja ya miyala ya ku Great Zimbabwe. Ngaka inabwera pa madola awiri mu 1997, chipembere pa madola asanu mu 2001. Nkhope ya munthu panalibe. Ndimaona kuti uku kunali kuganiza bwino, makamaka ndikayang'ana kwa aneba, kumene nkhope ya Kamuzu inali m'thumba la Mmalawi aliyense kuyambira 1964 ndipo ya Kaunda inali pa ngwee. Kulanda mbalameyo m'manja mwa amene anainamizira kunali chilungamo chenicheni, ndipo South Africa itabweza zina mwa mbalame zija mu 1981 dziko linali ndi chifukwa chosangalalira. Ine ndinaphunzira kuwerenga ndalama pa kalulu ndi mlambe. Kusukulu ya pafamu tinkaphunzira za Mutota amene anachoka kumwera kukafuna mchere ku Dande, ndipo tonse m'kalasimo, a Moyo ndi a Banda omwe, tinkati makolo athu. Palibe mphunzitsi anatiletsapo.

Funso lakuti mdzukulu weniweni wa mbalameyo ndani linadzuka mu 2000. Boma litagonja pa voti ya malamulo atsopano mu February, mafamu a azungu anayamba kulandidwa. Kuti malo anayenera kubwezedwa sindikutsutsa. Lamulo la 1930 lija linali kuba kolembedwa papepala. Koma m'mafamumo munali antchito oposa 300,000, pamodzi ndi mabanja awo anthu oposa miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anali wa makolo ochokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia. Anthuwa anawerengedwa ngati katundu wa mzungu komanso ovotera otsutsa. Chaka chomwecho Robert Mugabe, poyankhula pamsonkhano, ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi obwera opanda mutupo. Mutupo ndi mfunda, chiwongo. Maina ena anali alipo kale, mabhurandaya kuchokera ku Blantyre, manyasarandi, mabwidi, koma ili linabaya pena. Kuuza Phiri, Banda, Mbewe kapena Mwale kuti alibe mfunda n'zoseketsa, ndipo pakomboni anthu anaseka ndithu. Koma tanthauzo lake silinali loseketsa. Hungwe ndi mutupo wa mabanja ena a Chishona, ndipo mbalame ya pa ndalama inali itasanduka ngati mutupo wa dziko lonse. Wopanda mutupo ndiye kuti mbalameyo siimudziwa.

Mawu anasanduka lamulo mu 2001. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika winawo motsata malamulo a dzikolo, apo ayi wataya wa Zimbabwe. Munthu wobadwira ku Raffingora, amene Lilongwe sanaionepo, anayenera kukana unzika wa Malawi umene sanakhalepo nawo, kudzera m'mapepala amene sakanatha kuwalipira. Chitupa cha amayi anga chinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo. Pogawa malo, antchito a m'mafamu amene analandirako sanakwane asanu mwa 100 alionse. Ambiri anatsala m'makomboni a mafamu okhala ndi eni atsopano, kugwira maganyu kuti asathamangitsidwe m'nyumba, ena anakasefa golide m'mitsinje ya Mazowe ndi Angwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Maboma onse, la atsamunda ndi la ufulu, anawatenga anthuwa ngati mame, koma anali atafika pa mbadwo wachitatu ndipo manda awo anali kuseri kwa mabani a fodya.

Apa m'pofunika kubwerera kwa mafumu akale amene akulemekezedwawo, chifukwa nthaka ya mafamu omwewa ndi imene imasunga umboni wawo. Kufupi ndi Centenary kuli mipanda ya miyala ya Zvongombe, ya nthawi ya a Munhumutapa oyambirira. Pafamu ya Baranda kufupi ndi Mount Darwin, Innocent Pikirayi anafukula mikanda ya ku India ndi zidutswa za mbale za ku China, pamalo pamene akuti panali msika wa Massapa. M'chigwa cha Mazowe, kufupi ndi mgodi wa Jumbo, panali msika wa Dambarare, umene Changamire Dombo anaupasula mu 1693. Ku Hurungwe, dera la fodya la Karoi ndi Tengwe, kwapezeka mitanda ya mkuwa yofanana ndi ya ku Ingombe Ilede, kutsidya kwa Zambezi ku Zambia. Anthu oyankhula Chichewa akhala akulima, kupalira ndi kukumba zimbudzi pamwamba pa zinthu izi kwa zaka zana.

Ndalama ya nthawi imeneyo sinali yozungulira yokhala ndi nkhope. Inali golide waufa, mikanda, mkuwa, makasu, ng'ombe, ndipo koposa zonse nsalu. Apwitikizi, kuti aloledwe kuchita malonda, ankapereka kwa Munhumutapa msonkho wa nsalu ndi mikanda wotchedwa kuruva, ndipo mkulu wawo wa ku Massapa ankatchedwa capitão, mawu omwewo amene anadzakhala kapitao wochonga tikiti ya agogo. Kandalama kachitsulo ka makedzana kamene kanapezeka ku Great Zimbabwe n'kamkuwa, kolembedwa m'Chiluya dzina la al-Hasan ibn Sulaiman, mfumu ya ku Kilwa, chilumba cha ku Tanzania wa lero, amene Ibn Battuta anamuchezera mu 1331. Ndiye kuti dzina la mfumu limene linafikadi mumzinda wa mbalamewo litasindikizidwa pa ndalama linali la mlendo. Ndipo pakati pa nsalu zoyenda m'misika ya Munhumutapa panali machira, nsalu zolimba zolukidwa ndi thonje la m'zigwa za Zambezi ndi Shire, zambiri zochokera m'dziko la Amaravi. Makasu a osula a kumpoto ankawolokanso mtsinje. Zambezi inali msewu wa mabwato, ndipo mizere imene timaitcha malire lero yambiri inachokera m'pangano la Britain ndi Portugal la 1891.

Sikuti ankangogulitsana. Cha m'ma 1597 magulu a nkhondo a Amaravi anawoloka n'kulowa m'dera la migodi ya golide, ndipo ufumu wa Munhumutapa Gatsi Rusere unagwedezeka ndi kuukirana kwa m'kati kumene kunatsatira. Mu 1607 Gatsi Rusere, pofuna thandizo la mfuti, anasainira Apwitikizi migodi ya m'dziko lake. Mu 1608 wolamulira wa Amaravi wotchedwa Muzura, amene olemba mbiri ambiri amamuwerenga ngati Kalonga, anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza kuti Gatsi Rusere asachoke pampando. Gatsi Rusere atamwalira mu 1623, Muzura yemweyo anawoloka Zambezi kudzalanda, koma anabwezedwa. Zolemba zina za Apwitikizi zimati asanakhale mfumu, Muzura anali woyang'anira antchito pamalo a Mpwitikizi wina. Ngati zinali choncho, ndiye kuti mfumu yamphamvu kwambiri ya Amaravi m'zaka zimenezo inayamba ngati kapitao wa pafamu, ndipo nthawi zonse ndikaziganiza ndimalakalaka agogo akanazimva. Iwo anabadwira pafupi ndi Mankhamba, likulu la a Kalonga limene Yusuf Juwayeyi analifukula n'kupezamo mikanda, mkuwa ndi mbale za ku China, katundu wa mtundu womwewo wa ku Baranda.

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke yokoma kuposa m'mene inalili. Muzura sanawoloke mtsinje chifukwa cha chikondi cha pa abale, ndipo Gatsi Rusere, amene mpando wake unapulumutsidwa, ndi yemwe anapereka migodi kwa azungu zaka pafupifupi 300 Rhodes asanafike. Onsewa anali mafumu, ochita zimene mafumu amachita. Chimene mbiriyo ikusonyeza n'chochepa koma cholimba: ufumu wa Munhumutapa unkawadziwa anthu a kumpoto kwa Zambezi ngati ogulitsa nsalu, ngati othandiza pankhondo, ngati adani oopsa, zaka mazana atatu malole a Ulere asanalire.

Dzina la Munhumutapa lero lili paliponse pamene boma likufuna kuoneka lakale. Nyumba ya maofesi a pulezidenti ku Harare imatchedwa Munhumutapa. Mendulo yaikulu yopatsa atsogoleri akunja ili ndi dzina lomwelo, ndipo mu 2005 inaperekedwa kwa Nyerere, Kaunda, Machel, Neto ndi Seretse Khama. Kamuzu panalibe, ndipo poona m'mene ankadyera limodzi ndi Pretoria palibe angadabwe. Mu 2023 thumba la chuma cha boma linasinthidwa dzina kukhala Mutapa Investment Fund. Nkhope ya munthu inafika pa ndalama mu 2021, pamene Mbuya Nehanda anaikidwa pa pepala la madola 50. Mayiyu, Charwe, anali wa ku Mazowe, ananyongedwa ku Salisbury mu 1898, ndipo mzimu umene unkayankhula mwa iye amati ndi wa Nyamhita, mwana wa Mutota. Ulemuwo anauyenera. Chomvetsa chisoni n'chakuti pepalalo potuluka silinkakwanira kugula buledi, moti anthu anamupeza Nehanda ali kale wotsika mtengo.

Kenako pa 25 July 2022, mitengo ya zinthu itakwera pafupifupi katatu m'chaka chimodzi, banki yaikulu inatulutsa ndalama yagolide yotchedwa Mosi-oa-Tunya, yolemera aunsi imodzi. Tsiku loyamba inkagulitsidwa madola a ku America oposa 1,800. Apa ndarama ndi ndalama zinakumananso m'chinthu chimodzi, ndipo womasulira aliyense akanamwetulira. Dzina lake ndi la Akololo, anthu enanso oyendayenda, amene ena mwa iwo anatsatira Livingstone n'kukakhala mafumu ku Chikwawa. Koma wantchito wa pafamu sakanaigula ngakhale atasunga malipiro a chaka chonse osadya, ndipo wogula ankafunsidwa chitupa. Ana a m'makomboni amene amasefa golide m'matope a Mazowe amatha kuiona pa chithunzi cha mufoni basi.

Kumpoto nakonso palibe amene akuwakumbukira pa ndalama. Malawi anatenga dzina kwa Amaravi, koma pa makwacha pali M'mbelwa II, Gomani II, Sangala, Rose Chibambo, Chilembwe ndi Kamuzu. Kalonga palibe, mtchona palibe, ngakhale ndalama zotumizidwa ndi matchona zinalipira msonkho ndi fizi m'midzi yambiri. Ndamvapo achinyamata anzanga a kuno akunena kuti mankhwala ake n'kupeza mfumu yathu nafenso, Muzura kapena Undi, n'kuikweza pa mendulo. Ine maganizo amenewa sandikoka. Unzika wa amayi anga suyenera kudalira ankhondo 4,000 a mu 1608. Anabadwira ku Mvurwi, anasankha fodya zaka 30, anaika makolo awo m'nthaka yomweyo, ndipo zimenezo n'zokwanira. Mbiri ya Muzura ndimaifuna pa ntchito imodzi yokha: wina akatola zakale ngati chibonga chothamangitsira anthu, ndimuonetse kuti zakalezo sizinena zimene iye akunena.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zina. Amati wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala m'dzikomo pamene malamulowo ankalengezedwa, ndi nzika yobadwa nayo. Amatchulanso ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo potsata alifabeti Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo. Ndakhala ndikumasulira ndime zimenezi kwa azakhali ndi amalume pamaliro ndi pazinkhoswe, ndipo funso lawo limakhala limodzi: nanga wopanda chikalata chobadwira ayambire pati? Kuti mwana alembedwe pamafunika mapepala a kholo, ndipo kholo linabadwira m'komboni ya famu imene mwini wake ndi mabuku ake anachoka kalekale. Mu 2021 Amnesty International, potengera chiwerengero cha bungwe la UNHCR, inati anthu pafupifupi 300,000 mu Zimbabwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, ambiri mwa iwo adzukulu a antchito obwera, ena ana a anthu ophedwa ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980.

Ndalama zachitsulo za mbalame zinafa ndi kukwera kwa mitengo. Zinaukako pang'ono mu August 2008, pamene banki yaikulu inachotsa maziro khumi n'kulengeza kuti makobidi akale agwirenso ntchito. Anthu anafukula zitini ndi mabotolo, ndipo kwa milungu yochepa ngaka inagulanso sopo. ZiG, imene inabwera mu April 2024 ndi lonjezo lakuti kumbuyo kwake kuli golide, imayenda kwambiri mufoni ndi pakhadi, ndipo kuti munthu alembetse nambala ya foni amafunsidwa chitupa. Pakomboni ndalama imene anthu amaikhulupirira ndi pepala la dola imodzi ya ku America, lakuda ndi thukuta, lomatidwa ndi selotepi, lofewa ngati sanza. Nkhope imene ili pamenepo ndi ya George Washington, amene anayamba ngati mlimi wa fodya ku Virginia, ndipo pomwalira mu 1799 pamunda wake wa Mount Vernon panali akapolo oposa 300. Fodya amene azakhali anga akusankhabe m'chigafa kufupi ndi Mvurwi, pamsika wa ku Harare amalembedwa kuti Virginia.